Sajeni ndi Chitini cha Usipa

Lolemba

Holide yayamba. Aphunzitsi anzanga onse ali pa basi kupita kwawo. Ine ndatsala pa Boma pano ndi wophunzira mmodzi, Sajeni. Miyendo inayi, mchira umodzi, nzeru sindinazione.

Ndilembe bwinobwino kuti mtima utsike. Dzulo a Sikwese, eni nyumba, anafika pakhonde panga atavala nsapato imodzi. Inayo inali pansi pa mpando wanga, yonyowa ndi dovu. Mawu awo: "A madamu, ntchewe yinu iyi yatisuzga chomene. Kuuwa yayi, kuba basi. Pofika Loweruka isinthe. Ikapanda kusintha ichoke. Ngati mukuyikonda chomene, muchoke nayo."

Ndinayankha kuti, "Yewo, adada." Chitumbuka changa chimathera pomwepo.

Kuchoka?! Nyumba ya mpope pakhomo, magetsi, kusukulu kongoyenda pang'ono. Pa Chitipa pano nyumba yotere munthu amaigwira ndi manja awiri. Koma galuyonso ndimamufuna. Kuno ndilibe m'bale, kwathu ku Ntcheu nkutali, ndipo ndikamabwera kuntchito amene amandithamangira ndi iyeyu basi.

Wolakwa weniweni ndi mlongo wanga Yohane, woyendetsa mathiraki. Anabwera naye m'katoni kuchokera ku Mbeya, ali kamwana. "Achemwali, mukukhala nokha, nayu mlonda. Amene wandipatsa akuti ndi mbwa mkali, galu wolusa zedi." Ine nkumutcha Sajeni, kuti akuba azingomva dzina nkubwerera. Lero wakula ngati mwana wa ng'ombe, ubweya wagolide mpaka kumchira, nkhope yoseka nthawi zonse. A vetenale pomubaya katemera wa chiwewe anaseka mpaka kugwira tebulo. Akuti mtundu wake ndi golden retriever, azungu amauweta kuti uziwatolera abakha akawombera. "Uyu, madamu, wakuba akabwera amunyamulira thumba."

Aziseka. Sabata ino asintha. Ndondomeko:

1. Aleke kutola za eni.
2. Auwe. Ngakhale kamodzi. Ngakhale mwangozi.
3. Aleke kusekerera aliyense wodutsa.

Ine ndimaphunzitsa masamu ku Fomu 2. Anyamata aatali kuposa chitseko amakhala chete ndikangotsokomola. Galu andikanike?

Masana. Zimene zafika pakhonde ine ndikusinja tomato:
mthiko wa a Nalungwe, akazi awo a Sikwese
patapata wa kumanzere, mwini sakudziwika
siponji yotsukira mbale, thovu lidakalipo

Amadzera pa kabowo ka mpanda wa udzu, pakati pa nyumba yanga ndi ya eni nyumba. Ndatseka ndi lata. Waboola pena.

Vuto lake salavula. Ndikakoka mthiko, naye akukoka, mchira uli pukupuku, akuyesa ndi masewera. Ndakalipa m'Chichewa, m'Chingerezi, ngakhale "yayi" ndayesa. Palibe.

Kenako nzeru zabwera! Ndamuonetsa usipa umodzi. Pakamwa yasa, mthiko pansi. Ndayesa ndi patapata, chimodzimodzi. Usipa umodzi, katundu pansi! Ndathira usipa m'chitini, ndachiika pazenera kuti chizikhala pafupi. Tsiku loyamba lomweli njira ndaipeza. Mphunzitsi ndi mphunzitsi basi.

Mthiko ndauponya kuseri kwa mpanda ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi, kuti aziyesa wagwa wokha.

Lachiwiri

Phunziro la kuuwa.

Mwana amaphunzira poona chitsanzo. Ndagwada pabwalo, maso ndi maso ndi Sajeni. "Hu! Hu! Huuu!" Wapendeketsa mutu. Ndabwereza mokweza. Wandinyambita mphuno.

Ndikuti ndiuwenso kachitatu, pamwamba pa mpanda pali mutu wa a Nalungwe. "Mwawuka makora, a madamu?" Afunsa pang'onopang'ono, monga amafunsira wodwala. Ndati ndikuyang'ana ndolo. Ndolo zonse ziwiri zili m'makutu.

Ndasiya za kuuwa, ndatenga chipeso. Galu ameneyu ndi ntchito yoposa mwana. Mphepo ya ku Chitipa ikaomba, fumbi lonse la pa Boma limathera mu ubweya wake. Zimene ndachotsa lero:
nkhupakupa, zonenepa kuposa mwini wake
chisoso kumchira konse
chingamu
ubweya wokwana pilo

Makutu akenso ngogwa, mkati simulowa mphepo, ndiye ndimapukuta ndi kansalu kuti musanunkhe. Iye chagada, miyendo m'mwamba, maso ali tsinzi. Sajeni wa dziko liti ameneyu?

Zofika pakhonde m'mawa: sokosi, chivundikiro cha poto, tsache. Usipa, usipa, usipa. Akulavula msanga kuposa dzulo. Tikupita patsogolo!

Masana. Mayo ine! Mayo!

Wabwera akuyenda mwaulemu, masaya ali tutumu, pakamwa potseka. Ndikuti mwina ndi mango. Mango akulira kuti "pyepye"?

Kabakha ka a Nalungwe. Kamoyo!

Lamulo la kuno ndikulidziwa, ndi lomwe la kwathu: galu akagwira nkhuku kapena bakha, nkhani imatha tsiku lomwelo. Amati akalawa saleka. Palibe amene amafunsa ngati waluma kapena ayi.

Usipa uwiri nthawi imodzi. Wakaika pansi bwinobwino ngati dzira. Palibe bala, palibe nthenga yothothoka, kangonyowa basi ndipo kakwiya.

Ndakakulunga m'chitenje, ulendo kwa a Nalungwe kukapempha mchere. Mchere ndili nawo paketi yathunthu. Iwo akuthira m'kapepala, kabakha kati "pyepye" pamimba panga. Ndatsokomola. Kati "pyepye" kachiwiri. Ndatsokomola kawiri. "Chifuwa ichi mupite nacho kuchipatala, a madamu." Atatembenuka ndakatsitsa kuseri kwa mtondo, kathamangira kwa amake.

Ndapalamula zambiri moyo uno, koma kuzembetsa bakha kupita naye kwa mwini wake nkoyamba.

Madzulo ndamukhazika pansi Sajeni, ndamufotokozera za imfa. Wamvetsera bwino kwambiri, mutu uli pabondo langa. Kenako wagona.

Lachitatu

Nkhani yoti ndikuphunzitsa galu kulusa yafika kumsika ine ndisanafike. Aliyense ndi katswiri. Malangizo amene ndalandira popanda kupempha:

wogulitsa nyama: tsabola wa kambuzi m'chakudya, m'mawa ndi madzulo
wa kabaza: mumutsekere mumdima asamaone anthu
mayi wa tomato: mumudule mchira, ulemu wonse uli kumchirako
a Sikwese, kudzera pampanda: "Mavu, a madamu. Musinje chisa cha mavu, muthire m'phala. Ntchewe ya adada wanga inadya mavu, inaluma mpaka abusa."

Tsabola ayi. Mdima ayi, angalire mpaka ine nkulira naye. Mchira ndiye musayerekeze, ndi chinthu chokhacho chokongola pakhomo pano.

Mavu... kuseri kwa chimbudzi kuli chisa. Sindikuti ndimupatsa. Ndingochitenga, ndichiike poonekera, a Sikwese aone kuti malangizo awo ndawalemekeza. Ndale zimafunika.

Zida: ndodo ya mopu, jumbo, mpango kumutu.

Masana. Ndikulemba ndi diso limodzi.

Sindikufuna kufotokoza zambiri. Mavu a ku Chitipa sadziwa kuti munthu ndi wa boma. Diso lamanzere latsekeka, mlomo wapamwamba wafika pamphuno, khutu likutentha. Ndathamanga kuzungulira nyumba ndikukuwa, Sajeni pambuyo panga akudumpha ndi chimwemwe, akuyesa tayamba masewera atsopano. Iye sanalumidwe ngakhale pamodzi. Ubweya.

Mankhwala a a Sikwese amagwiradi ntchito, ndavomereza. Chilumidwireni ndakalipira wogulitsa makala, ndakalipira wailesi, ndakalipira Yohane pafoni mpaka wadula. Wolusa wapezeka pakhomo pano, kungoti si galu.

Ndaimbira a vetenale kufunsa ngati mavu amalusitsadi galu. "Amatupitsa pakhosi, madamu, galu nkufa. Musamupatse." Ndati ndimangofunsira mnzanga. Akuti nanga mukuyankhula ngati muli ndi mbatata m'kamwa bwanji? Ndadula.

Ndagona pamkeka ndi nsalu yonyowa kumaso. Sajeni wabwera, wagona pambali panga, mutu pamimba panga, osasuntha masana onse. Akangomva ndabuula, akunyambita dzanja. Kunena zoona mtima wanga wasungunuka. Munthu ukadwala kutali ndi kwanu umazindikira amene uli naye.

Madzulo watuluka pang'ono. Wabwera ndi chisa chija, chopanda mavu, wachiika pamapazi anga.

Ndamupatsa usipa. Nanga nditani?

Lachinayi

Diso latseguka theka. Ndikuoneka ngati ndikukayikira aliyense, zomwenso nzoona.

Lero ndi tsiku la amayi a mpingo, ndipo mapemphero ali kwa a Nalungwe. Ndawaona akulowa, mabulauzi oyera, maduku oyera. Nsapato zonse avula pakhomo monga mwa ulemu, alowa m'nyumba. A Sikwese apita kumunda. Sajeni ali mtulo pansi pa tebulo. Ndati nanenso nditseke diso lotsalali pang'ono.

Kulakwa!

Ndadzuka nyimbo yotsekera ili mkati. Pakhonde panga pali msika wa nsapato. Zakuda, zofiirira, zapulasitiki, ina ya gogoda. Ndipo taonani nzeru za satana: sanatenge peyala ngakhale imodzi. Pa munthu aliyense watengapo imodzi. Palibe amene angapite kwawo!

Mwini sitolo wakhala pakati pa katundu wake, lilime panja.

Ndisanaganize zochita, geti latseguka. Amayi a mpingo wonse, phazi limodzi nsapato, linalo fumbi, akutsimphina pamzere. Patsogolo amayi apampando, munthu wamkulu, Baibulo kukhwapa. Ine diso lotupa, ndaima pakati pa nsapato zakuba. Ndati, "Monire mose." Mawu atuluka ngati a mwana wa Fomu 1.

Maso onse pa nsapato zija.

Kenako Sajeni wanyamula nsapato ya gogoda ija, wapita nayo kwa amayi apampando, wakhala pansi, wawapatsa dzanja.

Kuseka kwake! Wina wagwira chipupa, wina wakhala pansi penipeni. Ndamva zambiri:
"Iyi ntchewe yayi, uyu ni munthu."
"A madamu, mumachita kuyituma? Tiuzeni, ife sitiulula."
"Mundibwereke Loweruka, ikanditolere adada a kunyumba ku mowa."
"Sisi lake kuposa wigi yanga!"

Sanachoke msanga. Ndafulula tiyi, makapu osakwana, ena amwera m'mabakuli. Amayi apampando andipempherera diso. Wina wandiphunzitsa kuyankha moni wa Chilambya, ndalakwitsa, asekanso. Zaka ziwiri ndili m'nyumba muno, khonde langa silinadzazepo chonchi. Ndimadutsana nawo kumsika amayi amenewa, ine nkumati ndi onyada, iwonso nkumati madamu wa masamu ndi wonyada. Watigwirizanitsa ndi wakuba.

A Nalungwe atsalira. Ndawaona ndi diso langa labwinoli akumukanda Sajeni kuseri kwa khutu, akuyesa sindikuona. Kenako anong'ona: "Adada akamva izi, ine ndilibe mawu. Ndipo Loweruka kukubwera alendo, a malowolo a mwana wathu. Mumange, a madamu. Chonde mumange."

Ndalonjeza.

Usipa watsala pang'ono m'chitini. Ukutha msanga bwanji masiku ano?

Lachisanu

Ndazindikira. Ambuye, ndazindikira, ndipo ndikuchita manyazi ngakhale kulemba.

M'mawa wabwera ndi chipewa cha mwana wa eni nyumba. Sanadikire kuti ndikalipe. Wachiika pansi yekha, wakhala, wayang'ana chitini pazenera. Wayang'ana ine. Wayang'ananso chitini.

Lolemba zinthu zitatu. Lachiwiri zinayi, kuphatikizapo bakha. Dzulo mpingo wonse.

Sindimamuphunzitsa kulavula ayi. Ndimamugula! Sabata yonseyi ndatsegula okala yogula katundu wakuba, ndipo ndimalipira pompopompo, osakongola. Galu wakhoza bwino phunziro lake. Wolephera ndi mphunzitsi. Mwana wa Fomu 2 akanachita zoterezi ndikanamulembera ndi cholembera chofiira kuti abwere ndi makolo.

Chabwino. Kuyambira lero msika watsekedwa. Chitini ndachibisa m'kabati.

Zotsatira zake:

Chipewa: sindinapereke kanthu. Wandiyang'ana modabwa. Wapita.
Wabwera ndi tsache lalikulu. Palibe. Waganiza.
Wabwera ndi beseni, akulikoka chobwerera m'mbuyo. Ndayang'ana kumwamba.
Wapita nthawi yaitali.

Iye sakuganiza kuti msika watsekedwa. Akuganiza kuti mitengo yakwera!

Masana wabwera ndi buluku. Lakuda, la suti, lochapidwa kumene. La a Sikwese, loti avale mawa pamaso pa alendo. Mwendo umodzi m'kamwa, winawo ukukwekwereka m'fumbi kuchokera kuchingwe mpaka pakhonde panga.

Ndakoka. Wakoka. Ndamva ulusi ukulira. Ndathamangira kukabati, ndatapa usipa dzanja lodzaza.

Ndiye kuti tsopano akudziwa: tsache ndi ziro, buluku ndi dzanja lodzaza. Ndamuphunzitsanso masamu.

Ndachapa buluku la mwamuna wa eni, ine, m'bafa mwanga, chitseko chokhoma. Ndaliumitsa ndi simbi. Fumbi lachoka, dovu lachoka, koma ubweya wagolide pa nsalu yakuda suchoka, ngakhale upemphere. Ndathothola ndi zala mpaka maso kuwawa. Ndakaliyanikanso a Nalungwe ali kumjigo. Mwina a Sikwese saona bwino pafupi.

Ndagula chingwe cha ng'ombe kumsika. Pobwera ndamupeza wagona m'matope a pampope, wagolide uja wasanduka wakuda. Kumusambitsa ndiye mphoto kwa iye, madzi amawakonda kuposa chakudya. Wadzikutumula, ndasamba nanenso.

Madzulo ndaimbira a Kayange, mphunzitsi mnzanga amene kwawo ndi ku Kaseye. Ali ndi munda waukulu ndi ana okonda agalu. Ndati, "Zikavuta mawa, mungamusunge?" Akuti abwere. Ndimayembekeza kuti akana.

Sizivuta. Chingwe ndi cha ng'ombe.

Loweruka

M'mawa. Ndamumanga pamtengo wa mango, mfundo zitatu. Madzi pambali, mthunzi wabwino, fupa la ng'ombe loti azitafuna. Mabowo onse a mpanda ndatseka. Lero lokha, Sajeni. Lero lokha, mwanawe.

Alendo afika. Ndikusuzumira pampanda, osati mwa miseche, ndikulondera galu. Amuna a majekete, amayi a zitenje zofanana, patsogolo thenga, mkulu wonyamula mawu a kuchimuna, wa imvi ndi ndodo. Abwera ndi tambala wamkulu wofiira wa mphatso, womanga miyendo, amugoneka pamthunzi. Onse akhala pabwalo, amuna pamipando, amayi pamikeka. A Sikwese atuluka ndi suti. Maondo akunyezimira golide padzuwa.

Sajeni akulira pang'onopang'ono. Anthu onsewa osawapatsa moni, kwa iye ndi tchimo.

Ndalowa m'nyumba kukatenga madzi akumwa. Kungotenga madzi basi.

Pobwera, chingwe chili pamtengo, mfundo zonse zitatu zili bwinobwino, lamba wa m'khosi ali pansi. Khosi lija ndi ubweya wokhawokha. Wangovula ngati juzi.

Kuseri kwa mpanda thenga ali pakati pa mawu. Kenako mawu aima.

Ndasuzumira. Sajeni akudutsa pakati pa bwalo, pakati penipeni pa mbali ziwiri, mutu m'mwamba, mchira ukupepera, tambala m'kamwa. Sakuthamanga. Wafika pa thenga, waima, wapukusa mchira kupereka ulemu. Tambala, ali m'kamwa momwemo, walira kokoliliko!

Wina waseka nkusandutsa chifuwa. Ena onse ayi.

Wadzera pageti, wamuika tambala pamapazi anga, wakhala, wayang'ana pazenera. Katundu wamkulu chonchi, akudziwa kuti lero ndi lero.

Tambala alibe bala ngakhale limodzi. Ndamunyamula, ndaonetsa aliyense, ndatambasula mapiko, ndagwada pamaso pa alendo. Palibe amene akuyang'ana tambala. Mayi wina wa kuchimuna wati, "Yalawa iyo, siyizaleka." Bambo wina watchula mankhwala a makoswe, mosavuta, ngati akunena za nyengo.

A Sikwese sanakalipe. Bola akanakalipa. Anena motsitsa: "A madamu, mwandichititsa soni pamaso pa asebele, apongozi a mwana wanga. Dzuwa likamalowa, ntchewe iyi ndisayione."

Masana. Njinga yamoto: woyendetsa kutsogolo, Sajeni pakati, ine kumbuyo ndamukumbatira. Msewu wa ku Kaseye fumbi lokhalokha. Iye makutu akuuluka, lilime kunja, akusekerera aliyense wa panjinga yakapalasa. Akuyesa tikupita kokasangalala. Ine nkhope ndaibisa mu ubweya wake, woyendetsa asaone.

A Kayange atilandira bwino. Amumanga ndi chingwe changa cha ng'ombe chija pamtengo pafupi ndi nkhokwe, lamba ndamangitsa ndekha. Ndawasiyira chipeso. Ndanena zonse: mumupese, mupukute m'makutu, mafupa a nkhuku ayi, nkhupakupa muziyang'ana pakati pa zala, akabweretsa kanthu musamupatse usipa. Akuti, "Madamu, ndi galu, tidzamusunga." Ndabwereza za makutu.

Ndakwera njinga osacheuka. Tangoyenda pang'ono, kumbuyo kwamveka mawu amene sindinawamvepo chibadwire chake. Aakulu, okhuthala, ogwedeza m'mimba.

Hu! Hu! Huuu!

Woyendetsa akuti, "Iii, ntchewe yakali iyo!"

Mfundo yachiwiri yatheka. Wauwa. Akuuwa ine.

Lamulungu

Pakhonde palibe kanthu. Ndatsegula chitseko m'mawa, palibe sokosi, palibe mthiko, palibe tsache la eni. Khonde loyera bwino, la munthu wolemekezeka.

Nyumba ndaisunga. Mpope ulipo, magetsi alipo. Ndatsegula mpope, ndautseka. Ndayatsa getsi, ndazimitsa. Zonse zikugwira ntchito.

Ubweya uli paliponse: pabulangete, m'kapu, pa diresi la kutchalitchi. Ndatenga tsache kuti ndisese. Ndalibweza.

Kutchalitchi amayi a Lachinayi aja andizungulira. "Ali kuti mwana wathu wa nsapato?" Ndati wapita kumudzi. A Nalungwe ayang'ana pansi. Akuti malowolo anayenda bwino, alendo anadya tambala yemweyo, ndipo thenga ananyamuka akusekabe. A Sikwese okha ndi amene sakuseka.

Zotsatira za sabata:
1. Kutola za eni: walephera.
2. Kuuwa: wakhoza, mochedwa.
3. Kusekerera aliyense: walephera, ndipo sanayese nkomwe.
Mphunzitsi: abwereze kalasi.

Masana. Ndaphika, chakudya chatsala. Ndazolowera kuphika za awiri. Ndakhala pakhonde ndi chitini cha usipa pamiyendo, sindikudziwa kuti ndachitengeranji. A Kayange aimba, sindinayankhe. Ndikudziwa kuti akufuna kundiuza kuti ali bwino, ndipo sindikufuna kumva kuti ali bwino popanda ine.

Dzuwa lapendeka. Geti lagwedezeka.

Galu wofiira ndi fumbi, chisoso thupi lonse, akutsimphina mwendo wakutsogolo. M'kamwa wanyamula chingwe cha ng'ombe, chodukaduka ndi mano. Mbali inayo ya chingwe idakali m'khosi mwake.

Wakwera masitepe pang'onopang'ono. Waika chingwe m'dzanja langa. Wakhala pansi. Wayang'ana chitini.

Sabata yonse wanditolera za eni. Lero wabweretsa changa.

Ndikudziwa bwino lomwe kuti ndikamupatsa ndiye kuti ndamuphunzitsa kuthawa ku Kaseye. Ndine mphunzitsi, ndikudziwa. Ndakhuthula chitini chonse pansi.

Ndikumutsuka mapazi m'beseni, pamwamba pa mpanda patulukira mutu wa a Sikwese. Ayang'ana galu, ayang'ana chingwe, ayang'ana ine. Atsegula pakamwa. Ndawatsogolera: "Mwezi ukatha, adada. Tichoka tonse awiri."

"Yewo," atero. Mutu watsika.

A Nalungwe anong'ona pa kabowo kuti mlamu wawo ali ndi nyumba kuseri kwa msika. Madzi ndi a kumjigo, magetsi akuti akubwera, akhala akubwera kuyambira kale. Koma mpanda ndi wa njerwa, ndipo oyandikana nawo saweta abakha. Ndati mawa tikaione.

Basi. Ndiyambe kulongedza. Pakufunika makatoni.

Sajeni watsimphina kupita kuseri. Wabwera ndi katoni imodzi.

Ya a Sikwese.